Bwalo la Aphunzitsi: rubric, foni ndi ndemanga zoti wophunzira achite nazo kanthu

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za kuchonga: kalembedwe ka rubric (tebulo loyesera ntchito ya wophunzira), ndemanga m'kalasi yodzaza, ndi pomwe foni ndi kompyuta zimathandizadi. Tasankhapo 8, ena tawafupikitsa. Akuyankha ndi akatswiri a kayesedwe ka ophunzira amene amalemba nafe tsamba lino.

FUNSO: A hedi atiuza kuti teremu ino tizichonga zimangirizo ndi rubric. Ine ndinazolowera marking scheme. Zikusiyana pati, nanga ndiyambire poti? — Mphunzitsi wa chiyankhulo, sekondale

YANKHO: Marking scheme ndi yanu inu ochonga. Imatchula mayankho ndi malikisi ake, ndipo imabisidwa kufikira mayeso atatha. Rubric imaperekedwa kwa ophunzira asanagwire n'cholembera chomwe. Ndi tebulo: kumanzere mumandandalika mbali za ntchito zomwe muziyang'ana, pamwamba mumaika milingo, ndipo m'kabokosi kalikonse mumafotokoza momwe ntchito ya pa mlingo umenewo imaonekera. Imayenera ntchito zopanda yankho limodzi, monga chimangirizo, lipoti la sayansi, chojambula, pulojekiti kapena kuyankhula pagulu. Pa funso loti 7 × 8 ndi zingati musadzivute nayo.

Musayambire pa tebulo lopanda kanthu, ndipo musathamangire kukopera ya pa intaneti. Tengani zimangirizo zakale 9 kapena 12, mufufute mayina, muziwerenge mwachangu n'kuziunjika milu itatu: zabwino, zapakati, zofooka. Kenako dzifunseni chomwe chili pa mulu woyamba chimene pa wachiwiri palibe. Mayankho anuwo ndiwo mbali za rubric. Pa chimangirizo cha mtsutso nthawi zambiri zimatuluka zinayi: mfundo, umboni, kasanjidwe ka ndime ndi chiyankhulo. Mbali 3 mpaka 5 n'zokwanira. Zikafika 10, wophunzira saziwerenga, ndipo inunso pofika kope la 30 mudzakhala mutasiya kuziyang'ana.

Milingo ikhale 4. Ikakhala 3 kapena 5, dzanja lotopa limathawira pa wapakati. Yambani kulemba mlingo 3, umene ndi pomwe mukufuna wophunzira aliyense afike, kenako 4, kenako mutsike. Taonani mzere wa umboni:

Mlingo 4: Mfundo iliyonse ili ndi umboni wofotokozedwa bwino, ndipo wolemba wayankhanso maganizo a otsutsa.
Mlingo 3: Mfundo iliyonse ili ndi umboni wogwirizana nayo, ndipo wolemba wasonyeza momwe umboniwo ukuikira kumbuyo mfundoyo.
Mlingo 2: Umboni ulipo pa mfundo zina, koma wangotchulidwa osafotokozedwa, kapena sukugwirizana ndi mfundo.
Mlingo 1: Mfundo zangotchulidwa, palibe chozichirikiza.

Wophunzira wa pa mlingo 2 akawerenga kabokosi ka mlingo 3 akudziwa chochita mawa. Ndiwo muyeso wa rubric yabwino. Zambiri zimagwera apa, chifukwa m'mabokosi mumangolembedwa kuti "umboni wabwino kwambiri", "umboni wabwino", "umboni wabwino pang'ono". Amenewo ndi malikisi omwe aja atangovala mawu. Cholakwika china ndi kuwerengera: "zitsanzo 3" pa mlingo 4, "zitsanzo 2" pa mlingo 3. Kuchonga kumaphweka, inde, koma ana ndi ochenjera, adzakupatsani zitsanzo zitatu zopanda mutu, ndipo amene wapereka chimodzi chakupsa adzagwa. Chachitatu ndi kuphatikiza zinthu ziwiri mu mzere umodzi, monga "kalembedwe ka mawu ndi kasanjidwe ka ndime". Mukakumana ndi mwana wosanja bwino ndime koma wophonya mawu, mugwira njakata. Za ukhondo wa kope ndi kupereka ntchito pa nthawi yake zisalowe m'tebuloli. N'zofunika, koma sizikusonyeza ngati mwana wadziwa kumanga mtsutso.

Mtundu womwe tafotokozawu umayesa mbali iliyonse payokha, ndipo ndiwo wothandiza popereka ndemanga. Pali wina umene umafotokoza ntchito yonse m'ndime imodzi pa mlingo uliwonse. Ndi wachangu pa mayeso otsiriza, koma suuza mwana pomwe pavuta. Musanaigawe rubric yanu, iyeseni pa zimangirizo zakale zija. Ngati cha pa mulu wofooka chapambana cha pa mulu wabwino, konzani tebulo, osati maganizo anu.

FUNSO: Ndimachezera kulemba ndemanga m'makope. M'mawa ana amangoyang'ana malikisi, kufunsana kuti "wapeza zingati?", n'kutseka kope. Ndisiye? — Mphunzitsi wa Fomu 3

YANKHO: Musasiye, aphunzitsi, koma musamapereke ziwirizo tsiku limodzi. Mu 1988 Ruth Butler adasindikiza kafukufuku wa ana a sukulu ku Israel amene adawagawa m'magulu: ena ankalandira malikisi okha, ena ndemanga zokha, ena zonse ziwiri. Amene ntchito yawo idapita patsogolo ndi a ndemanga zokha. A zonse ziwiri sadasiyane kwenikweni ndi a malikisi okha. Kafukufukuyu adali wa ana ochepa ndi ntchito zazifupi, choncho si lamulo loti malikisi athe, koma zomwe mukuona m'kalasi mwanuzo n'zomwezo: nambala ikaoneka, mawu amafa.

Konzani ntchito motere. Ophunzira apereke zolemba zoyamba. Inu muzunguze mlingo pa mzere uliwonse wa rubric, mulembe ndemanga imodzi kapena ziwiri, osaika nambala. Pobweza makope, patulani mphindi 15 kapena 20 za phunziro lomwelo kuti aliyense akonze pomwe mwalozapo, inu mukuyendayenda. Musanene kuti akakonzere kunyumba, sakakonza. Malikisi abwere pa ntchito yokonzedwayo. Ndemanga yoperekedwa mutu utatha, kalasi itapita kale pa mutu wina, ilibe poti igwire.

Nkhani ina ndi ya zomwe mukulembazo. Avraham Kluger ndi Angelo DeNisi mu 1996 adasonkhanitsa zotsatira za akafukufuku ambiri ndipo adapeza kuti pa zoyesa zoposa gawo limodzi mwa atatu, ndemanga zidachititsa anthu kugwira ntchito moipa kuposa kale. Zimatero makamaka ndemanga ikaloza munthu m'malo mwa ntchito. "Ndiwe wanzeru", "Ulesi!", "Wayesetsa, limbikira" zonsezi zikunena za mwana, ndipo palibe chomwe angachite nazo. Yerekezani ndi iyi: "Mfundo ya m'ndime yachiwiri ndi yamphamvu koma ilibe umboni. Onjezera chitsanzo chimodzi, kenako lemba chiganizo choyamba ndi mawu oti 'Izi zikusonyeza kuti'." Yatchula malo, yatchula chosowa, yapereka ntchito. John Hattie ndi Helen Timperley mu 2007 adati ndemanga iyankhe mafunso atatu a wophunzira: ndikupita kuti, ndafika pati, ndichitenji tsopano. Rubric imayankha awiri oyambawo. Lachitatu ndi lanu, choncho musawononge inki kubwereza zomwe zili kale m'tebulo.

Ndipo musakonze cholakwika chilichonse. Tsamba lofiira lonse limauza mwana kuti palibe chabwino, komanso ntchito yoganiza mwaigwira ndinu. Ikani kadontho m'mphepete mwa mzere womwe muli cholakwika, iye achipeze yekha.

Ngati mumagwiritsa ntchito Google Classroom, pulogalamu ya pa intaneti yogawira ndi kuchongera ntchito za ophunzira, popanga rubric zimitsani batani la "Use scoring". Mudzatha kudina milingo koma sipadzatuluka nambala, ndipo ntchito mutha kuibweza yopanda malikisi. Ndemanga zomwe mumalemba kawirikawiri zisungeni mu comment bank. Polemba ndemanga mukayamba ndi chizindikiro cha # n'kulemba mawu amodzi, zimatulukira zokha. Chenjezo lake n'lakuti mukaitenga ndemanga yosungidwayo muwonjezeremo kanthu ka m'ntchito ya mwanayo, chifukwa ana amaonetsana, ndipo akaona kuti onse alandira mawu ofanana amaleka kuwerenga.

FUNSO: Kalasi yanga ili ndi ana 90. Kompyuta za ophunzira kulibe, netiweki ndi yovuta, ndili ndi foni yanga ndi laputopu yakale basi. Kodi zimenezi si za masukulu olemera? — Mphunzitsi wa sayansi ndi masamu

YANKHO: Tiyambe ndi masamu anu omwe. Mphindi 5 pa kope, makope 90, ndi mphindi 450, kapena kuti maola 7 ndi theka pa ntchito imodzi. Palibe angapirire zimenezo sabata ndi sabata. Ndiye funso lenileni ndi la momwe mungadulire nthawi ndemanga osaiphetsa.

Lembani rubric pa tchati chachikulu, mupachike, ana aikopere kumapeto kwa kope kamodzi kokha. Mzere uliwonse muupatse chilembo. Pa lipoti la sayansi, mwachitsanzo, N ndi njira, Z ndi zotsatira, G ndi galafu, M ndi mathero. Pochonga mumangolemba N3 Z3 G2 M1. Pambali pa tchaticho pakhale mndandanda wa zochita wokhala ndi manambala: 1, lemba dzina ndi muyeso pa mizere yonse iwiri ya galafu; 2, mipata ya manambala pa galafu ikhale yofanana; 3, m'mathero tchula nambala imodzi ya m'tebulo lako. M'kope mumalemba nambala yokha, mwana akopera yekha mawuwo n'kuchita. Pa mphindi imodzi ndi theka kope limodzi, kalasi yonse yatha m'maola 2 ndi mphindi 15. Kukoperako kuli ndi phindu lakenso, poti mwana sangakopere osawerenga.

Pa ntchito zina musalembe kanthu m'makope. Awerengeni onse muli ndi pepala limodzi pambali, mulembepo zolakwika 3 zomwe zikubwerezedwa, mayina a ofunika kuwaona paokha, ndi ntchito ziwiri zabwino. Apa foni ilowe: jambulani ndime kapena galafu imodzi, mubise dzina, muonetse pa pulojekita ngati ilipo, apo ayi ikopereni pa bolodi. Kalasi iiyike pa mlingo, itsutsane, kenako iikonze pamodzi kuti ikwere mlingo umodzi. Pemphani kaye mwini wake, chifukwa anzake amadziwa kalembedwe ka dzanja lake. Chitsanzo chofooka ndi bwino kuchilemba nokha.

Laputopu yakaleyo ndi yokwanira. Mu Excel, mayina akhale kumanzere, mbali za rubric pamwamba, mulowetse milingo. Ndi conditional formatting uzani kompyuta kuti 1 ndi 2 zizioneka zofiira. Pansi pa mbali iliyonse ikani AVERAGE kuti ikuwerengereni avareji ya kalasi yonse. Mukaona kuti pansi pa G pafiira kuyambira pamwamba mpaka pansi, musalembe ndemanga 60 za galafu, phunzitsaninso galafu. Apa kompyuta imaona zomwe diso lotopa silingaone.

Pa mafunso osankha yankho pali mapulogalamu ofuna foni ya mphunzitsi yokha. ZipGrade imachonga mapepala odetsa timabokosi: mumasindikiza pepala lake la mafunso 20, 50 kapena 100, mumajambula ndi kamera, ndipo imakuuzani kuti funso lililonse alikhoza angati ndi yankho lolakwika lomwe ambiri asankha. Kujambulako sikulira intaneti. Imakana pepala likapindika, pakagwa mthunzi, kapena timabokosi takuda ta m'mphepete tikapanda kutuluka bwino posindikiza. Plickers imapatsa mwana aliyense khadi lokhala ndi chithunzi chakechake cha ngodya zinayi. Mwana amalitembenuza kuti chilembo cha yankho lake, A, B, C kapena D, chikhale pamwamba, inu n'kuyendetsa kamera m'kalasi. Makhadi ake amalekezera pa 63, ndiye kwa inu ana akhale awiriawiri. Musawakute ndi pulasitiki yonyezimira, kamera imalephera kuwerenga, ndipo ana asaphimbe chithunzicho ndi zala.

Zida zimenezi zimapindula pokhapokha mayankho olakwika atasankhidwa mwanzeru. Pa 1/2 + 1/3, ikani 2/5 pakati pa mayankho. Amene asankhe 2/5 waphatikiza manambala apamwamba paokha ndi apansi paokha, ndipo mwadziwa matenda ake pompo. Mukaikapo manambala ongotola, mudzangodziwa kuti walakwa.

FUNSO: Rubric yanga ili ndi mbali 4, milingo 1 mpaka 4. Pa Moodle, pulogalamu ya pa intaneti yomwe timachongerapo ntchito, mwana amene adapeza 8 pa 16 adapatsidwa 33 pa 100, pomwe ine ndimayembekeza 50. Kompyuta yalakwitsa? — Mphunzitsi wa pakoleji

YANKHO: Sinalakwitse, yangowerengera mwanjira ina. M'rubric yanu palibe angapeze zochepera 4, chifukwa mlingo wotsikitsitsa ndi 1 pa mbali zinayi. Moodle ili ndi kawerengedwe kotenga 4 ameneyo ngati poyambira. Imachotsa 4 pa 8 kutsala 4, imachotsa 4 pa 16 kutsala 12, ndipo 4 pa 12 ndi 33 pa 100. Amene wapeza mlingo 1 ponseponse amalandira 0. M'zosankha za pansi pa rubric muli kabokosi kosinthira kawerengedweka, koma njira yosasokoneza ndi kuwonjezera mlingo wa malikisi 0 pa mzere uliwonse, wa amene sanalembe kanthu pa mbaliyo. Chitani zimenezi musanayambe kuchonga. Pa Moodle mukasintha rubric pakati, ntchito zomwe mwachonga kale zingafunike kuzionanso, ndipo pa Google Classroom rubric siisinthika n'komwe mukangoyamba kuchonga nayo. Nthawi zonse yesani ndi wophunzira wongopeka: mupatseni mlingo 1 ponse, kenako 2 ponse, muone nambala zomwe zituluke.

Koma 50 wanuyo alinso ndi vuto. Mlingo 2 ukutanthauza kuti ntchito sinafike pofunika. Ngati sukulu yanu imakhozetsa pa 50, ndiye kuti mwana amene sanafike pa mbali iliyonse wakhoza. Milingo ndi masitepe, si maperesenti. Gwirizanani kaye ndi anzanu kuti ntchito ya mlingo 2 ponse iyenera malikisi angati, ya mlingo 3 ponse angati, mulembe katebulo kosinthira, kapena muike malikisiwo mwachindunji pa mlingo uliwonse. Sipafunika kuti akhale 1, 2, 3, 4.

Onaninso kulemera kwa mbali. Ngati mwaphunzitsa umboni masabata atatu, usalemere chimodzimodzi ndi zizindikiro za m'kalembedwe. Upatseni 2, 4, 6, 8, zinazo zikhale 1 mpaka 4, zonse pamodzi 20. Mu Excel ndi =B2+2*C2+D2+E2, umboni uli mu C. Kulemerako kulembedwe pa rubric kuti ophunzira adziwe poika mphamvu.

FUNSO: Tilipo awiri pa phunziro limodzi, rubric ndi imodzi, koma kalasi ya mnzanga imapeza malikisi okwera nthawi zonse. Ana ayamba kudandaula. — Mkulu wa dipatimenti

YANKHO: Rubric payokha siigwirizanitsa ochonga. Mawu oti "wofotokozedwa bwino" aliyense amawamva mwake. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri: musanayambe kuchonga, tengani ntchito 5, zabwino ndi zofooka zomwe, aliyense achonge payekha osalemba pa pepala la mwana, kenako muyerekeze mzere ndi mzere. Pomwe mwasiyana, aliyense aloze chiganizo chenicheni chomwe chamuchititsa kupereka mlingowo. Kawirikawiri mudzapeza kuti kabokosi kena kalembedwa mosamveka. Kakonzeni pomwepo. Ntchito zomwe mwagwirizanazo zijambuleni, muziike mu foda imodzi yoti nonse muzitsegula, iliyonse italembedwa mlingo wake ndi chifukwa chake. Chaka chamawa, mayina atafufutidwa, ndizo zitsanzo zoonetsa ophunzira.

Munthu mmodzi yemweyo amasinthanso. Amayamba mwaukali n'kumafewa, kapena kope lapakati limaoneka lofooka chifukwa latsatana ndi labwino kwambiri. Mukachonga makope 20, bwererani ku chitsanzo chimodzi cha mu foda ija muone ngati mukadali pamzere. Kumene kungatheke, chongani mbali imodzi pa makope onse musanapite pa ina, kuti dzanja lokongola kapena chiyambi chokoma chisakokere m'mwamba mizere yonse. Dzina limakokanso. Pa Moodle pali chosankha chobisa mayina a opereka ntchito kufikira mutamaliza. Pa mapepala, ana alembe nambala kutsogolo, dzina kumbuyo. Pomaliza sinthanani makope 10 otola mwachisawawa. Ngati pa ambiri mukusiyana ndi mlingo wathunthu, khalaninso pansi malikisi asanatuluke.

FUNSO: Kodi ndemanga zojambula mawu n'zabwino kuposa zolemba? — Mphunzitsi wa maphunziro a patali

YANKHO: Pa ntchito zazitali, inde, zili ndi ubwino wake. Pa mphindi imodzi mumanena zambiri kuposa zomwe mungalembe, ndipo liwu limafewetsa chidzudzulo. Zisapitirire mphindi 2. Werengani ntchito yonse kaye, musankhe zinthu ziwiri, ndipo muzitchula malo: "tsamba 2, ndime yachitatu". Vuto lake n'lakuti mawu sawerengeka mwachangu ngati zolemba; wophunzira akafuna kukumbuka sabata yamawa ayenera kumvetseranso zonse. Muuzeni kuti akamvetsera alembe yekha zochita ziwirizo pamwamba pa ntchito yokonzedwa, ndipo musailandire popanda zimenezo. Pa Moodle mutha kujambulira m'bokosi la ndemanga momwemo. Pa WhatsApp musatumize ndemanga ya munthu mmodzi pagulu la kalasi. Kwa ana aang'ono, tsatani malamulo a sukulu pa za mphunzitsi kulemberana ndi mwana payekha. Vidiyo isungireni zinthu zofunika kuona, monga masitepe a samu, chifukwa imadya bandulo kwambiri.

FUNSO: Mnzanga amaika rubric ndi zimangirizo mu ChatGPT, pulogalamu ya AI yomwe imalemba yokha ukaifunsa, malikisi ndi ndemanga n'kutuluka nthawi yomweyo. Nanenso nditero? Nanga ndingagwire bwanji ana olembetsa ntchito kwa AI? — Mphunzitsi wa mbiri

YANKHO: Pali pomwe AI imathandiza. Ipatseni kabokosi kanu ka mlingo 3 kuti ikulembereni poyambira pa milingo inayo, inu mukonze. Iuzeni ilembe chimangirizo chofooka dala choti kalasi ikonze. Ithandizeni kufupikitsa mawu a rubric kuti ana awamve. Zonsezi mumaziona ndi maso musanazipereke.

Malikisi ndi nkhani ina. Yesani nokha: ikani chimangirizo chimodzi katatu, ulendo uliwonse pa tsamba latsopano, muyerekeze. Si zachilendo kuti milingo isiyane. Mapulogalamuwa amakonda kuyamikira, amakopeka ndi chiyankhulo chosalala ngakhale mfundo zili zopanda pake, ndipo nthawi zina amadzudzula chinthu chomwe m'ntchitomo mulibe. Pa phunziro lanu la mbiri angavomereze chaka cholakwika mopanda manyazi. Pa ziyankhulo zomwe zolembedwa zake n'zochepa pa intaneti amaphonya kwambiri. Sadziwanso kuti mwanayu teremu yatha samatha kumanga ndime, ndipo lero wamanga ziwiri. Ngati mukufuna ikuthandizeni kukonza mawu a ndemanga, werengani ntchito nokha, ikani mlingo nokha, AI ibwere pambuyo. Chotsani dzina ndi chilichonse chozindikiritsa mwana musanaike ntchito yake m'pulogalamu iliyonse, ndipo funsani ngati sukulu ikulola. Kholo likadzafunsa chifukwa cha malikisi, woyankha ndinu.

Za kugwira olembetsa, musadalire mapulogalamu onena kuti amazindikira zolemba za AI. Kampani ya OpenAI, eni ake a ChatGPT, idatseka chida chake chotere mu July 2023 chifukwa chinkaphonya kwambiri. Zida zimenezi zimatha kuloza mwana wosalakwa. Ngakhale peresenti ya pulogalamu ya Turnitin yosonyeza kufanana kwa ntchito ya mwana ndi zolemba za ena si umboni wa kuba, poti imawerengera ndi mawu ogwidwa movomerezeka omwe; muyenera kutsegula lipoti n'kuona. Chodalirika ndi kuona ntchito ikukula. Pulani ndi ndime yoyamba zilembedwe m'kalasi. Pa Google Docs, version history imasonyeza ngati nkhani idakula pang'onopang'ono kapena idagwa yonse nthawi imodzi, ngakhale mwana atha kukhala kuti adalembera kwina n'kukopera, choncho mufunseni kaye. Mphindi 2 zokambirana zimaulula zambiri: "N'chifukwa chiyani unasankha chitsanzo ichi? Mawu awa akutanthauzanji?" Muthanso kuika mzere mu rubric woyesa momwe wophunzira wagwiritsira ntchito ndemanga pakati pa zolemba zoyamba ndi zomaliza.

FUNSO: Ndikawauza kuti achongerane, aliyense amapatsa mnzake mlingo 4. Ndikawauza adzichonge okha, anzeru amadzitsitsa, ofooka amadzikweza. — Mphunzitsi wa pulayimale

YANKHO: Mwawapatsa ntchito ya woweruza asanaphunzire kuona. Chotsani manambala. Agwire mbali imodzi yokha pa tsiku, ndipo ntchito yawo ikhale kuloza, osati kuweruza: "Dula mzere pansi pa chiganizo chomwe chikunena mfundo yaikulu ya ndime. Ukachisowa, ika chizindikiro cha funso m'mphepete." Mwana sangakondere mnzake pa zimenezi, chiganizocho chilipo kapena palibe. Yambani ndi chitsanzo cha pa bolodi chopanda mwini, kawiri kapena katatu, musanawasinthanitse makope awo.

Kwa ana a pulayimale tebulo la mabokosi 16 ndi lalikulu. Apatseni rubric ya mlingo umodzi: pakati pa pepala mulembe zofunika 3 m'mawu awo, monga "Chiganizo changa chilichonse chayamba ndi chilembo chachikulu", kumanzere kukhale malo olemba chofunika kukonza, kumanja chomwe chachitika bwino. Podzichonga, mwana asangoika chizindikiro chokhoza, alembe nambala ya mzere womwe pali umboni wake. Inu mukatenga makope, yambani ndi amene kudziyesa kwawo kwatalikirana kwambiri ndi kwanu, mbali zonse ziwiri, muwaitane m'magulu a 4 kapena 5, muwerenge nawo chofunika chimodzi ali ndi kope m'manja. Malikisi opatsana anawo asalowe m'buku lanu la malikisi.